Kumfunira Mlendo Khomo Lina

M'midzi yathu ya kwa Nthache mbuzi ikasowa mudzi wonse umva, koma garu akasowa mwini palibe amene afunsa. Agaru otere ena afera m'misampha ya waya imene anyamata atchera akalulu, ena agundidwa ndi magalimoto pa mseu waukuru wonka ku Zobue. Za mmodzi wa iwo tifuna kukusimbirani mwezi uno.

Ana athu anampeza m'dimba, waya utamdya mwendo wa m'mbuyo kufikira pa pfupa. Tinamsunga pa yekha m'khola lakale la mbuzi, ndipo mlangizi wa ziweto anadza, natsuka bala, nambaya katemera wa chiwewe. Ana anamucha Mlendo. Atachira, mtima wake unatidabwitsa: sauwa munthu, atsamiritsa mutu pa bondo la ali yense wokhala pansi, ndipo madzulo aperekeza amai ku mjigo, nalindira kufikira ndowa itadzala. Koma tsono ife atituma ku nchito kutali, kumene tikakhala m'nyumba ya eni, ndipo Mlendo sangathe kutsagana nafe.

Woyamba kumpempha anali mlimi wa manachesi wofuna mlonda wa munda. Ndalama anachula zabwino ndithu. Koma pamene anati adzammanga pa unyolo usana wonse ndi kummana chakudya kuti aluse, tinakana. Garu wozolowera manja a ana njala siimsandutsa mlonda. Imsandutsa wakuba nkhuku, ndipo mathero ake ndi chibonga. Wachiwiri anali mnyamata wa uzimba, amene ataona kutsimphina kwake anachoka yekha.

Onse tinawafunsa funso limodzi: kodi mudzambayitsa katemera chaka ndi chaka? Ena anaseka. Komatu garu wokonda anthu ndiye ayenera katemera koposa wolusa, pakuti ndiye anyambita ana ndi kugona pakati pao. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, munthu sachira. A World Health Organization awerenga kuti nthendayi ipha anthu ngati 59,000 pa chaka, ochuruka mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo ambiri ndi ana. Chikhalirecho mankhwala ake si a dzulo ai: Louis Pasteur anapulumutsa nao mwana wolumidwa m'chaka cha 1885. Ku Blantyre a Mission Rabies anayamba kubaya agaru mu 2015, nalinga kufikira agaru 7 mwa 10 ali onse, chifukwa pamenepo nthenda isowa podutsa. Ife kuno tiri pa malire, ndipo garu wachiwewe saima pa chipata kuti aonetse pasipoti. Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, nimumtengere ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lichepe.

Wachitatu anali mai wamasiye wa kutsidya kwa mtsinje, wolera adzukulu atatu. Sanafunse ngati Mlendo agwira kalulu kapena aluma mbala. Anati, "Aphunzitsi, kodi garuyu adya chiani?" Titamuuza za katemera, anayankha kuti walira mvula walira matope, ndipo kuti mdzukulu wake wamkuru adziwa kumene alangizi akhala. Ndalama analibe. Anabwera ndi nkhuku ya thadzi, monga achitira makolo potenga garu kwa mnzao, ndipo tinailandira kuti asayesedwe wopemphetsa.

Sitinampereke tsiku lomwelo. Sabata yathunthu adzukulu aja anali kudza kwathu kudzampatsa mkute ndi manja ao, kuti awadziwe pfungo ndi mau. Pomuka naye tinawapatsa thumba limene agonapo, ndi kapepala ka mlangizi kolembedwa tsiku la katemera wina. Kawiri Mlendo anabwerera kwathu usiku, nagona pa khonde, ndipo kawiri mnyamatayo anadza mamawa kudzamtenga wosamkwapula. Sabata yachitatu tinapita kukawazonda. Potsazika, Mlendo anatiperekeza kufikira pa mtsinje, naima pa mwala kanthawi, nabwerera yekha kwa adzukulu.