Mdani wa M'dimba Langa



Abale anga okondedwa, ndikuululireni cholakwa changa, kuti mwina wina apewe dzenje limene ine ndinagwamo.

Zaka ziwiri zotsatana matimati a m'dimba langa anakana. Ndinali kuthirira m'mawa ndi madzulo, koma dzuwa likafika pamutu anali kufota, masamba nachita chikasu. Ndalama za sukulu za ana zinasowa. Pamenepo mtima wanga unayamba kuganizira mnansi amene tinakangana naye za malire, kuti kapena wandichitira mankhwala. Ine amene ndiphunzitsa ena katekisimu, ndinaleka kumpatsa moni!

Safunsa anadya phula. Ndinaitana mlangizi wa zaulimi, ndipo iye anazula tsinde limodzi nati: "Aphunzitsi, mfiti yanu ndi iyi." Mizu yonse inali yotupa mfundomfundo. Anandifotokozera kuti m'nthaka muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene tilowa m'mizu ndi kuitupitsa, kotero kuti mbewu ilephera kukoka madzi ndi chakudya. Kakakazi kamodzi kaikira mazira mazanamazana. Pobwereza matimati ndi therere pamalo omwewo chaka ndi chaka, ndinali kutidyetsa ndine mwini.

Mankhwala ake sanali a m'botolo ayi. Ndinazula mizu yodwala ndi kuitentha, ndipo mvula itagwa ndinabzala kalongonda dimba lonse. Tinyongolotsi timeneti sitiswana bwino m'mizu ya kalongonda, motero tambiri tifa ndi njala. Atayamba maluwa ndinamtchetcha ndi kumkwirira ali wamuwisi, ndipo ndinadikira masabata 3 kuti aole ndisanaokere. Tinthu tozungulira timene muona pa mizu ya kalongonda musatiope: titsomphoka mukakhudza ndi chala, ndipo ndito tiwonjezera chonde. Chotupa cha matenda sichichoka, pakuti ndi muzu womwewo.

Chilimwe chotsatira matimati anabala. Mdaniyo sanathe yense, chifukwa chake ndagawa dimba pawiri: mbali ina ipuma ndi kalongonda, ina ibala ndiwo, ndipo ndisinthanitsa chaka chilichonse.

Koma ntchito yolimba koposa inatsala. Ndinapita kukalapa kwa Bambo Mfumu, pambuyo pake ndinanyamula dengu la matimati ndi mbewu ya kalongonda kumka nazo kwa mnansi uja, ndi kumpepesa. Iye anaseka nati: "Nanenso therere langa lafota; ndinayesa ndinu."

Abale, mbewu ikafota, yambani mwazula ndi kuona mizu musanatchule dzina la munthu.