Ndikamubaya Uja, Wopumira Wodwala Ndine

Ntchito yanga ku fiyeta ndi yogoneka odwala, koma mankhwala amene ndimasamala nawo koposa si ogonetsawo ayi, ndi aja ofoola minofu. Akangolowa mumtsempha, munthu amaleka kupuma, ndiye womupumira ndimakhala ine.

N'chifukwa chake ndisanagwire sirinji ndimayamba ndamuona m'kamwa. "Mayi, tayasamani, tulutsani lilime." Ndimayang'ana mano ogwedera, chibwano, ndi mmene khosi likupindikira chagada. Ndikakayika zoti chubu chopumira chilowa pakhosi, ndimaitaniratu mnzanga tisanayambe.

Mayi wa siza timakonda kumubaya jakisoni wa pamsana, koma ngati wataya magazi ambiri timamugoneka. M'mimba mwake timangoti muli chakudya ngakhale atakana, poti masanzi akatsikira m'mapapo amawononga koopsa. Ndimamupumitsa okosijeni mphindi 3, ndikumupatsa ketamine, pomwepo suxamethonium, amene ambirife timangoti scoline. Zikope ndi zala zimanjenjemera pang'ono, ndipo mphindi imodzi isanathe nsagwada zalefuka. Laryngoscope, chida choonera pakhosi, kumanzere, chubu kumanja. Ndimakankhira lilime pambali n'kunyamula, osatsamira mano, mpaka nditaona timitsempha tiwiri toyera ta mawu. Chubu chidutse pakati pake maso anga akuona, osati mongoganizira. Ndikapopa kabaluni kake ndimamvetsera chifuwa mbali zonse ziwiri ndi pamimba pomwe, chifukwa chubu chikasokera m'njira ya chakudya chimapha msanga.

Scoline amatha mphamvu pakapita mphindi ngati 5. Munthu amene adapsa ndi moto masiku apitawo sitimupatsa, chifukwa amakweza potaziyamu mpaka kuimitsa mtima. Opaleshoni ikakhala yotalika timaonjezera vecuronium kapena atracurium.

Kholo la mankhwala awiriwa ndi curare, ulembe umene alenje a ku South America ankapaka kumivi. Harold Griffith ndi Enid Johnson adaugwiritsa ntchito pa opaleshoni ku Montreal mu 1942. Chimene ophunzira ndimawabwerezera mpaka kutopa nane n'chakuti mankhwalawa sagonetsa ndipo sachotsa ululu. Ogonetsa akachepa, munthu akhoza kumva mpeni koma osatha kugwedeza ngakhale chala. Ndiye misozi, thukuta ndi kuthamanga kwa mtima sindizinyozera.

Dokotala akamaliza kusoka ndimabaya neostigmine pamodzi ndi atropine kuti mphamvu zibwerere. Pamenepa sindilola kufulumizitsidwa, ngakhale panja pali mzere. Chubu chimatuluka mayiyo akayamba kupuma mokwanira yekha, atatsegula maso ndi kundifinya dzanja mwamphamvu ndikamuuza.