ULENDO WA KU CHEMBE: CHITHUNZI CHODZADZA SICHINENA ZONSE



Tinanyamuka pa boma la Mangochi itangotha swala ya Fajiri, m'mwezi wa Seputembala, nyengo imene mwera umakhala utatopa ndipo nyanja imagona bata. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: ife makolo awiri, ana athu atatu, ndi anganga awo aamuna, amene anakoka khoka zaka zambiri asanasiye usodzi kamba ka msana. Chimene chinatiyendetsa ndi ntchito ya kusukulu. Mwana wathu wamkulu, mtsikana wa Fomu 2, anauzidwa kuti abweretse zithunzi zosonyeza chuma cha nyanja yathu, ndipo iye anali atatsimikiza kale mumtima kuti chuma chimaoneka pamene zinthu zaunjikana: mbalame pachilumba, usipa pathandala, nsomba pamiyala.

Tisanafike ku Monkey Bay, tili cha ku Nkopola, anganga anapempha kuti tipatuke titsikire kugombe. Kutsogolo kwathu, pakati pa madzi, panali chilumba cha Boadzulu, miyala yake ili mbuu ngati yopakidwa laimu. Kuyerako ndi zitosi za mphipi, mbalame zodya nsomba zija zimene zimakhala pamenepo miyandamiyanda. Mtsikana uja anatukula foni, koma m'chithunzi munangotuluka kadontho koyera. Anafuna kuti tilipire boti litifikitse pafupi.

"Iwe mdzukulu wanga," anatero anganga, "ukudziwa chimene zaunjikirana pamenepo? Palibe mphaka, palibe galu, palibe munthu. Ukafika ndi injini yako zonse zibalalika, mazira atsala padzuwa, akhungubwe apeza phwando. Chithunzi chako chimodzi chidya ana a mbalame angati?"

Tinachoka ndi kadontho kathu koyera, mtsikanayo atakwinya nkhope.

Msewu wa ku Cape Maclear umapatuka patatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay, nuyenda makilomita pafupifupi 18 pakati pa mapiri ndi milambe. Dzina la Cape Maclear linachokera kwa David Livingstone, amene anatcha malowa pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, koma eni ake amati kwathu n'ku Chembe. Mudzi umenewu wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Chilumba cha Boadzulu chija nachonso chili m'gulu la malo otetezedwawa.

Tinafika dzuwa lisanakwere kwenikweni, ndipo fungo la usipa linatilonjera tisanatsike m'galimoto. Amayi anali kuyanika nsomba pamathandala. Apa tikumbutsane, abale: munthu sajambulidwa ngati mtengo. Mkazi ali pa ntchito yake, mwina mpango waselereka, manja ali ndi mamba, n'kulakwa kumulozetsa foni osapempha. Tinapereka moni, tinafotokoza za ntchito ya mwanayo, ndipo mayi wina wachikulire anati, "Jambulani nsombazo, mwanangu, koma ine ndisaonekemo." Tinachita monga ananenera.

Zithunzi zoyamba zinali zokhumudwitsa. Mtsikanayo anaimirira n'kuloza foni pansi, pofuna kuti usipa wonse ulowemo, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati bulangete lotuwa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pamene zinthu zachulukana, diso la woona chithunzi limasowa potera, choncho wojambula ayenera kulisankhira. Tinamuuza kuti agwade, foni ikhale m'mphepete mwenimweni mwa thandala, asankhe kansomba kamodzi ka patsogolo, akagunde ndi chala pagalasi la foni kuti kaoneke bwino, ndipo dzuwa likhale cha kumbali kwake, osati kumsana. Atatero, kansomba kaja kanaoneka ndi diso lake lomwe, mamba ali waliwali, ndipo anzake anandanda kumbuyo mpaka kuzimiririka. Ife amene tinakula ndi makamera a filimu ya zithunzi 24 kapena 36 tinaphunzira kusankha kamba ka umphawi. Ana a lero, amene foni imawalola kujambula mazanamazana, ayenera kuchita kuphunzitsidwa.

Mwanayo anasangalala, nati chuma chija wachipeza. Koma anganga anamugwira paphewa.

"Bwerera m'mbuyo mapazi khumi, ujambulenso."

Anabwerera. M'chithunzi chachiwiri munali thandala limodzi lodzadza ndi ena anayi opanda kanthu. Mtsikanayo anayang'ana zithunzi ziwirizo, nafunsa kuti, "Anganga, ndiye choona ndi chiti?" Amene anayankha ndi mayi uja. Anati masiku amenewo kunali mwezi wowala, ndipo usipa umaphedwa usiku ndi nyali: umasonkhana pa kuwala kwa nyaliyo, chilimira n'kuuzinga. Mwezi ukawala nyali imachepa mphamvu, usipa umamwazikana, asodzi amabwera ndi zochepa. Choncho chithunzi chodzadza chikadanama kuti nsomba ndi zosatha, ndipo chopanda kanthu chikadanamanso kuti nsomba zatheratu. Tinaona kuti wojambula zinthu zounjikana ayenera kufunsa kaye kuti, kodi chaziunjika n'chiyani?

Dzuwa lili pafupi kufika paliwombo tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi, chimene chili moyang'anana ndi mudziwo. Nthawi imeneyi ndi yoipa pojambula pamtunda, koma ndi yabwino m'madzi, chifukwa kuwala kumalowa molunjika mpaka pamiyala ya pansi. Mnyamata woyendetsa botilo anatiika pamwala wosalala, natulutsa buledi, namunyenyera m'madzi. Subhanallah! Madzi anawira. Mbuna zinatulukira mbali zonse, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zina zamawangamawanga, zonse kulimbirana nyenyeswa. Ana aang'ono aja anafuula, ndipo mkulu wawo, foni ili m'kathumba kapulasitiki kosalowa madzi, anajambula mpaka chala kuwawa.

Zambiri mwa zithunzizo zinali zosaoneka bwino, pakuti nsomba yolimbirana chakudya siima. Koma ngakhale zimene zinatuluka bwino zinatisiya ndi funso lomwe lija. Chinaunjika nsombazo ndi buledi. Umo si mmene mbuna zimakhalira.

"Achimwene," tinatero kwa mnyamata wa boti, "tadikirani pang'ono, buledi akhale kaye m'thumba."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita kanthawi gulu lija linabalalika, ndipo m'pamene tinaona mudzi weniweni wa pansi pa madzi. Nsomba iliyonse inabwerera pamalo pake. Zina zinayamba kupala ndere pamiyala, chimene ndi chakudya chawo chenicheni. Zazimuna, zimene zimakhala ndi mitundu yowala kwambiri, chilichonse chinali ndi mphanga yake, n'kumathamangitsa mnzake akayandikira. Mnyamata uja anatilozera ina yotupa kukhosi, yosadya kanthu. Imeneyo inali yaikazi yofungatira mazira m'kamwa, pakuti mbuna zimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwa mayi kwa masabata pafupifupi atatu. Chambo nachonso chimalera ana ake m'kamwa chomwecho, n'chifukwa chake kupha mayi mmodzi woteroyo n'kupha banja lonse. Mtsikana wathu anagona chafufumimba pamwala, foni ili m'madzi, nadikira mpaka nsomba ija inadutsa pafupi. Chithunzi chimenecho chili ndi nsomba zitatu zokha, koma n'chimene chapachikidwa m'nyumba mwathu.

Akatswiri amati nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha. Ichi n'chifukwa chake m'malo otetezedwawa n'koletsedwa kupha nsomba pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe. Kuchuluka kumene tinaona pa Thumbi kuli ndi mlonda wake, ndiye lamulo limeneli.

Pobwerera, titaswali ndi kudya nsima pamthunzi, anganga anafotokoza zimene zinali kumtima kwawo. Anati m'masiku a unyamata wawo chimene chinkaunjikana pagombe la Malombe ndi la kumwera kwa nyanja yaikulu chinali chambo, koma palibe anali ndi kamera, ndipo palibe ankaganiza kuti chingachepe. M'zaka za m'ma 1990 chambo cha ku Malombe chinagwa, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN, loona za zachilengedwe zimene zili pangozi, linaika mitundu ya chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Anatikumbutsanso za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene a Mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane mwamtendere.

"Mulu wa nsomba unatipusitsa ife ndi maso athu enieni," anatero. "Nanga inu a zithunzi?"

Mtsikana wathu anapereka kusukulu zithunzi ziwiriziwiri: thandala lapafupi ndi lapatali, mbuna za buledi ndi mbuna za pamiyala yawo, ndipo pansi pa chilichonse analemba chimene chinaunjika zinthuzo. Kadontho koyera ka Boadzulu anakaika pakokha, ndi mawu ofotokoza chifukwa chimene sanayandikire.

Inu makolo a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira, ana athu ali ndi mafoni ndipo adzajambula ndithu. Mukadzapita nawo kugombe, Insha Allah, aloleni agwade ajambule chapafupi, pakuti n'chokongola. Akatha, auzeni abwerere m'mbuyo mapazi khumi.