Wotikweza Sakhala Mwini Chikumbumtima Chathu



Pa 29 Disembala, chimwemwe cha Khrisimasi chisanazirale, Eklezia amatikumbutsa za Thomas Becket Woyera. Timakonda kulankhula za imfa yake, koma sabata ino tiyambire pa ntchito yomwe ankagwira.

Becket anali mwana wa munthu wamalonda wa mumzinda wa London. Mu 1155, ali dikoni, Mfumu Henry II ya ku England inamusankha kukhala nduna yosunga chidindo chachifumu. Makalata a mfumu ankadutsa m'manja mwake, ankatolera misonkho, ndipo mu 1159 anatsogolera asilikali pa nkhondo ya ku Toulouse. Iye ndi mfumuyo anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo.

N'chifukwa chake mu 1162 mfumu inafuna kuti Becket akhale Arkiepiskopi wa Canterbury, poganiza kuti bwenzi lake lidzaika Eklezia m'manja mwake. Anadzozedwa unsembe pa 2 Juni, mawa lake n'kukhala episkopi. Posakhalitsa anatula pansi udindo wa unduna, pozindikira kuti tsopano Mwini ntchito ndi wina. Mkangano unakula mu 1164, pomwe mfumu inakhazikitsa malamulo a ku Clarendon ofuna kuti ansembe olakwa azilangidwanso m'mabwalo achifumu. Poyamba Becket anagonja, ndipo izi zimatilimbitsa mtima: woyerayu naye anaterereka. Koma anadzimvera chisoni, nakana, nathawira ku France komwe anakhala zaka 6. Atabwerera mu 1170, asilikali anayi a mfumu anamuphera m'tchalitchi chake. Papa Alexander III anamutchula woyera mu 1173.

Nkhaniyi ikutikhudza. Ambiri mwa ife tikufunafuna ntchito, ndipo tikaipeza pamakhala wina amene anatigwira dzanja: malume, bwana kapena mkulu wandale. Kuthokoza n'koyenera. Koma tsiku lina wotithandizayo angatiuze kuti tisaine chikalata chabodza kapena titseke pakamwa poona chinyengo. Pamenepo tidzaopa kutchedwa osayamika, tidzaopanso njala.

Becket sanaleke kulemekeza mfumu yake, koma anakana kulipira ngongole ya ubwenzi ndi chikumbumtima. Tidzifunse lero, mayesero asanafike: kodi n'chiyani chomwe sitingachite, ngakhale atatipempha ndi amene anatikweza?

Thomas Becket Woyera, mutipempherere.