Galimoto ya malemu bambo ndi chiperoni

Chiperoni chikangoyamba mu June kuno ku Namitambo, Peugeot 504 imene anatisiyira malemu bambo inkavuta m'mawa. Inkalira pang'ono n'kuzima. Ndinathamangira ku Limbe kukagula batire latsopano, koma vuto silinathe. Mayi atadwala mbandakucha wina, tinachita kudzutsa anansi kuti atikankhe, ine mtima uli m'mwamba.

Mkulu wina wokonza zigayo ndiye anatsegula chivindikiro cha disitibyuta. Mkati munali chinyezi, mapointi atapsa. Anapukutamo ndi kansanza kouma, n'kupala mapointiwo ndi sandipepa.

“Aphunzitsi, musamabweze choki injini isanatenthe,” anatero.

Tsopano imalira kamodzi basi. Batire lakale lija, limene ndinagulitsa motchipa, likuyatsa wailesi ya kanema kwa mnzanga mpaka lero.