Chibonga m'chikwama ku England

Abale amene muli ku England, makamaka inu oweruka usiku, musamayende ndi chibonga m'chikwama poganiza kuti chikutetezani. Lamulo la Prevention of Crime Act la 1953 limaletsa kunyamula chida pagulu popanda chifukwa chomveka, ndipo kungoopa achifwamba makhoti sakutenga ngati chifukwa. Chilango chake chimafika zaka 4 m'ndende. Ndodo yachitsulo yofutukuka, ija ya apolisi, njoletsedwa ngakhale kuisunga m'nyumba. Ndodo yoyendera njololedwa, koma mukainyamula n'cholinga chomenyera munthu, lamulo limaiona ngati chida. Komanso munthu wosaphunzira kudziteteza amalandidwa ndodo msanga, n'kuvulazidwa nayo. Phunzirani kudziteteza kwa aphunzitsi odziwa, dzerani misewu yowala, ndipo zikavuta imbani 999.