Samu za Nkhani ku Leeds ndi ku Chipata

Abale anga a ku Chipata, makamaka inu aphunzitsi ndi makolo amene ana anu akukonzekera mayeso a Examinations Council of Zambia, ndiloleni ndikambe nanu za samu zimene zimagwetsa ana ambiri, ngakhale iwo odziwa kuchulukitsa ndi kugawa mosadodoma: samu zija zobwera ngati nkhani, zimene mwana ayenera kuyamba wazisandutsa equation asanapeze yankho. Popeza mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ine amene ndinaziphunzira kwathu ndakumana nazonso kuno ku Leeds, m'dziko la England, m'makope a mwana wanga.

M'masiku athu mphunzitsi ankalemba funso pa bolodi m'Chingerezi, chimene kuyambira 1966 chinali chinenero chophunzitsira ngakhale mu Giredi 1, ndipo ife tisanamve n'komwe kuti nkhaniyo ikunena za yani, iye anali atalemba kale x pansi pake. Tinazolowera kusaka timawu tina m'funsomo, kuti tikaona takuti tiphatikize, tikaona takuti tichotse. Njira imeneyi imasokeretsa funso likangotembenuzidwa: akati Mabvuto ali ndi mbuzi 10, ndipo waposa Tisa ndi mbuzi 3, mwana woloweza adzamva za kuposa, naphatikiza, nanena kuti Tisa ali ndi 13, pamene ali nazo 7.

Kuno mwana sathamangira x. Ayamba wafotokozera mnzake nkhaniyo m'mawu akeake, kenaka ajambula mabokosi awiri, lalitali la Mabvuto ndi lalifupi la Tisa, kotero kuti chimene chikusowa achiona ndi maso asanachipatse dzina. Luso limeneli si la Angerezi ayi. Linakula ku Singapore m'zaka za m'ma 1980, ndipo linafala kuno pamene boma, kuyambira 2014, linayamba kutengera kaphunzitsidwe ka samu ka maiko a kum'mawa kwa Asia, mpaka kusinthana aphunzitsi ndi mzinda wa Shanghai.

Koma chimene chandikhudza mtima n'chakuti nzeru imene iwo anakaitenga kutali chotero, ife tili nayo pa Msika wa Kapata. Tiyerekeze kuti mayi wina wagulitsa matumba 12, ena a nshawa pa K500 limodzi, ena a chimanga pa K300, napeza K4,600 yonse pamodzi. Kodi a nshawa anali angati? Mayi wozolowera malonda, amene mwina sanapitirire Giredi 7, adzati: onse akanakhala a chimanga ndikanagwira K3,600, tsono K1,000 yapamwambayi yachokera ku nshawa, ndipo popeza thumba lililonse la nshawa liposa la chimanga ndi K200, a nshawa anali 5. Mwana wa sukulu, akaitcha nshawayo x, chimanga chikhala 12 − x, ndipo alemba 500x + 300(12 − x) = 4600; akamasula mabulaketi apeza 200x + 3600 = 4600, nachotsa 3600 mbali zonse ziwiri, monga achitira wosunga sikelo kuti isapendeke, natsala ndi 200x = 1000, ndiye kuti x ndi 5. Taonani, abale: 3600 uja, 1000 uja ndi 200 uja ndi omwewo amene mayi anawatchula pakamwa. Mwanayo sanapeze njira yachilendo, wangolemba ndi zizindikiro maganizo a amake. Koma pokhala palibe amene anamuuza zimenezi, iye amayesa kuti aljebura ndi chinsinsi cha azungu chosayenderana ndi za kwawo.

Ngakhale al-Khwarizmi, amene analemba buku lotchuka la aljebura ku Baghdad cha m'ma 820, sanagwiritse ntchito x. Zonse anazifotokoza m'mawu, ndipo mbali yaikulu ya bukulo ikunena za kugawa chuma cha masiye. Chizolowezi cholemba x, y ndi z m'malo mwa zosadziwika chinadza ndi Descartes mu 1637, patapita zaka zoposa 800.

Sindikunena kuti zakuno zonse n'zokoma, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ana ambiri akuno amajambula bwino, nalemba equation yolondola, koma akafika pochulukitsa 12 ndi 300 dzanja limapita ku kakyuleta, imene pa mayeso a GCSE imaloledwa m'mapepala awiri mwa atatu. Ndipo boma lomwe, poona kufooka kumeneku, linayamba mu 2022 kuyesa ana a Year 4 ngati aloweza matebulo. Pamenepa mwana wa ku Chiparamba kapena ku Mtenguleni, amene amatumidwa ku chigayo ndi kubweza chenji chosaperewera, aposa anzake akuno kutalitali. Ndidziwanso kuti mphunzitsi wakuno ali ndi ana ngati 30, pamene kwathu, chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi adzaza kotero kuti kufikira mwana aliyense pa desiki pake n'kovuta.

Komabe chimene ndikupempha sichilira buku latsopano kapena ndalama. Funso likalembedwa pa bolodi m'Chingerezi, monga lidzabwerera pa mayeso, mwana mmodzi aimirire alinene m'Chinyanja, kapena m'Chinsenga ngati ndicho cha kwawo. Wina atchule chimene chikufunidwa ndi chimene chaperekedwa kale. Onse ajambule m'makope, awiriawiri, ndipo pokhapo x alembedwe. Yankho likapezeka alibwezere m'nkhani muja, aone ngati matumba 5 a nshawa ndi 7 a chimanga akwanitsadi K4,600, pakuti mwana amene wapeza matumba 15 pamene onse anali 12 adzazindikira yekha kuti equation yake inapotoka, mphunzitsi asanafike ndi cholembera chofiira.